Chithunzi Chomwe Chinatsitsa Matumba pa Thandala

Ntchito yanga yoyamba sindinaimve pa wailesi kapena kuiona m'nyuzipepala ayi. Inandipeza ndili chikhalire pa benchi m'kasitolo ka msuweni wanga pa Migowi, komwe anthu amabwera kudzatayipitsa makalata ndi kuchititsa fotokope. Ndinali nditabwerako ku Blantyre ndi pepala langa la maphunziro a kompyuta, ndipo pepalalo linali litayamba kale kununkha sutikesi. Msuweni wanga ankandilola kukhala pamenepo kuti ndisamangokhala pakhomo, amayi n'kumandiyang'ana ndi maso achisoni aja.

Tsiku lina munalowa mayi ena aatali, chipewa cha njinga yamoto chili m'khwapa, fulashi yosungira mafayilo a kompyuta ili m'manja. Anati akufuna kupulinta masilaidi ophunzitsira alimi, aja amaonetsa pakhoma tsamba limodzilimodzi munthu akamalankhula. Nditatsegula fayilo yawo ndinangoti, "Iii amayi, zonsezi pa tsamba limodzi?" Silaidi iliyonse inali yodzaza timalemba kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pakamwa pangapa pamandipalira milandu nthawi zambiri, koma tsiku limenelo panandipezera ntchito. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, kenako anati, "Ngati ukudziwa kuposa pamenepa, ubwere Lolemba udzandionetse."

Amenewo anali Mayi Nakoma, mkulu wa kabungwe ka alimi a nandolo. Ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa msika, koma makalabu ake anali mbwee, kuyambira pa Migowi pomwepo mpaka m'munsi mwa phiri la Michesi. Kalabu iliyonse inali ndi mlimi wotsogola, amene amabwera kudzaphunzira kwa ife n'kukaphunzitsa anzake kumudzi. Ntchito yanga inali kusandutsa zolemba pamanja za alangizi kukhala masilaidi a maphunziro amenewo. Zida zanga zinali laputopu yakale, pulojekita, batire ya sola ndi invata yake, ndi nsalu yoyera ya pabedi yomwe tinkapachika pakhoma. Mayi Nakoma sanazungulire. "Miyezi itatu yoyeserera, Enelesi. Ukachita bwino ukhala. Ukalephera tisiyana bwinobwino, pamsika tizipatsanabe moni."

Makope a alangiziwo anali mulu, ndipo ndinaona msanga kuti ndikati ndizipanga silaidi iliyonse ndekha kuyambira pachiyambi, miyezi itatuyo itha ndisanafike ndi pa kope lachitatu lomwe. Mapulogalamu ogula sitikanawakwanitsa. Ndiye ndinauza Mayi Nakoma kuti aliko mapulogalamu ena a nzeru za makina, zija akuti AI, amene eni ake anawasiya poyera kuti aliyense awatenge, aone m'kati mwake, awasinthe momwe akufunira, osalipira kanthu. Umawapatsa zolemba zako, n'kuwauza kuti ukufuna masilaidi angati komanso akaonere ndani, okha n'kukukonzera. Anandipatsa masabata awiri kuti ndiyese ndi kusankha imodzi.

Ndinayesa itatu. Maina ake enieni anali ovuta kutchula, ndiye ndinangowapatsa anga. Yoyamba ndinaitcha Mkwatibwi, chifukwa cha kudzikongoletsa kwake. Unkangoikamo zolemba, pasanathe nthawi yaitali masilaidi atuluka, mitundu yogwirizana bwino, ndi zithunzi zomwe inkajambula yokha: minda yobiriwira, azimayi omwetulira, matumba oyera mbee. Vuto lake linali loti ubongo wake unali kutali, pa intaneti. Popanda netiweki sinkachita kanthu, ndipo bandulo inkaimwa ngati madzi. Komanso mawu ndi chithunzi zinkatuluka zomatana, moti ukafuna kusintha liwu limodzi unkayenera kuiuza kuti ipangenso silaidi yonse.

Yachiwiri ndinaitcha Ngolo. Iyi unkatsitsa ubongo wake kamodzi, chifayilo chomwe chinanditengera masiku awiri, kenako inkagwira ntchito m'laputopu momwemo, netiweki ikhalepo kapena ayi. Koma kuchedwa kwake, abale! Ukaipatsa zolemba, laputopu inkayamba kulira ndi kutentha, iwe n'kupita kukagula zitumbuwa, pobwera n'kupeza ikadali pa silaidi yachinayi. Zithunzi sinkajambula. Inkangosiya bokosi lopanda kanthu kuti uikemo chako. Ubwino wake fayilo yake inkatseguka ngati masilaidi wamba, aliyense n'kutha kusintha. Yachitatu sindinaipatse ndi dzina lomwe. Inkafuna kuti uzilemba malamulo pa kabokosi kakuda ka pa kompyuta, kopanda mabatani odina, ndipo Mayi Nakoma atangoiona anati, "Ukadzadwala malungo, ine ndidzatani ndi zimenezi?" Tinaisiya pomwepo. Chichewa chinkazivuta zonse zitatu, choncho ndinkazipatsa zolemba za m'Chingerezi, mawu a pa masilaidi n'kumawalemba ndekha m'Chichewa.

Tsiku losankha ndinawaonetsa phunziro limodzi lopangidwa kawiri, kwa Mkwatibwi ndi kwa Ngolo. Zinali ngati kuika diresi la ukwati pafupi ndi yunifolomu ya sukulu. Mayi Nakoma anafunsa ngati zonse zingagwire ntchito netiweki itachoka, ndiponso ngati iwo angathe kusintha mawu ine kulibe. Mayankho onse awiri ankakomera Ngolo, koma ine mtima unali utapita kale. Ndinati masilaidi ndizikonzeratu ku ofesi netiweki ilipo, ndipo alimi akaona zokongola amatchera khutu. Kunena zoona, ndinkafuna kuti komiti ya kabungwe kathu ione kuti mtsikana amene alemba ganyu uja si wamasewera. Mayi Nakoma anangoti, "Chikomekome cha nkhuyu. Koma ntchito ndi yako, sankha." Ndinasankha Mkwatibwi. Ngolo sindinaichotse m'laputopu, osati chifukwa cha nzeru ayi, ndinangochita ulesi.

Maphunziro angapo anayenda bwino. Kenako inafika nthawi yokolola, ndipo chaka chimenecho makalabu anali atalandira matumba atsopano osungira mbewu. Ndi aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati. Umathira nandolo wouma bwino, n'kufinya kuti mpweya utuluke, n'kupota ndi kumanga pulasitiki iliyonse payokha, kenako thumba lakunja. Anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Koma pulasitikiyo ikangobooka, ngakhale kabowo kamodzi, basi zonse zatha. N'chifukwa chake thumbalo liyenera kukhala pa thandala, kutali ndi khoma, komwe chiswe ndi makoswe sizingalifikire msanga.

Ndinakonza masilaidi khumi ndi awiri. Pa silaidi ya kasungidwe ndinalemba pamwamba kuti matumba asakhudze pansi kapena khoma. Mkwatibwi anajambula matumba asanu okongola, oima mwadongosolo pa simenti yonyezimira, otsamira khoma loyera. Ndinawerenga mawu anga kawiri, ndinaona kuti ali bwino. Chithunzicho ndinangochiona kukongola kwake.

Gulu loyamba tinaliphunzitsira m'tchalitchi china pafupi ndi msewu waukulu. Alimi ankanditcha a Kompyuta. Silaidi iliyonse ikatuluka, mafoni ankakwera m'mwamba, aliyense kujambula. Ine mumtima: onani, achita kutengeka nazo! Sindinadziwe kuti kajambulidwe kameneko ndiye kope lawo. Mlimi wotsogola akabwerera kumudzi alibe pulojekita. Amakhala pansi pa mtengo n'kumayendetsa foni m'manja mwa anthu, ndipo ena amatumizirana chithunzicho mpaka kukafika kwa anthu amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe la zomwe tinanena. Ambiri a iwo kuwerenga timalemba ta pa foni kumawavuta, ndiye amangoona chithunzi.

Panapita masabata atatu. Linali Lachiwiri, sabata yotsiriza ya miyezi yanga itatu, ndipo masana ake tinali ndi gulu lachiwiri m'munsi mwa Michesi, phunziro lomwe lija la matumba. M'mawa ndikupukuta pulojekita, ndinamva njinga ikutsamira khoma panja. Analowa a Mpaha, mlimi wotsogola wa kalabu ina ya kumeneko, bambo achikulire ofatsa, amene anali m'gulu loyamba lija. Anapereka moni wawo wa nthawi zonse, "Moseliwa," anakhala pansi, anafunsa za kunyumba kwa aliyense. Atatha zonsezo ndi pamene anamasula thumba lomwe linali m'khwapa mwawo. Anatulutsa pulasitiki ya m'kati n'kuikweza cha ku windo. Kuwala kunkadutsa pansi pake ngati pa sefa.

"Ili ndi la achemwali anga," anatero. "Mbewu yawo ya chaka chino inali umu. Chiswe."

Kenako anatulutsa foni yawo yong'aluka galasi n'kuipereka kwa Mayi Nakoma. Ndinasuzumira. Inali silaidi yanga, yojambulidwa kuchokera kumbuyo kwa tchalitchi. Pamwamba, pomwe panali mawu anga, panangoyera ndi dzuwa la pa windo. Matumba asanu aja okha ndi omwe ankaoneka bwinobwino, ali pansi, otsamira khoma.

"Ine ndinawauza kuti aike pa thandala," a Mpaha anapitiriza. "Akuti matumba atsopanowa safuna thandala, onani mmene aikira a ku ofesi. Akuti, inu a Mpaha ndinu ndani kuposa chithunzi? Ndiye ndati ndibwere ndidzafunse, kapena ndi ine amene sindinamve bwino."

Mayo ine. Kukanakhala bwino akanandikalipira. Mayi Nakoma anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Enelesi, chithunzi ichi unachijambula kwa ndani?"

"Sindinajambule ine, amayi. Anajambula ndi makina."

"Makinawo anayamba achionapo chiswe?"

Anabweza foni kwa a Mpaha, anawapepesa, anawauza kuti anamva bwino, olakwa ndi ife. Kenako anatembenukira kwa ine. "Ku Michesi ndi thuu koloko, anthu auzidwa kale, sindisintha. Ndipo Lachisanu komiti ikundifunsa za iwe. Ndikufuna ndikakhale ndi chowayankha."

Ndinathamangira pa laputopu kuti ndiuze Mkwatibwi ajambule china. Netiweki inali itachoka kuyambira m'mawa. Kachizindikiro kankangozungulira, kuzungulira, osatseguka. Ndinayesa kuchotsa chithunzicho pa fayilo yomwe ndinali nayo, koma chinali chomatana ndi mawu, kuchotsa chimodzi n'kuchotsa zonse. Ndipo ngakhale netiweki ikanabwera, ndikanakhulupirira bwanji thandala lojambulidwa ndi chinthu chosalidziwa? Ndi pamene ndinakumbukira Ngolo, yomwe inali phee pakona pomwe ndinaisiya.

Ndinaitsegula, ndinaikamo zolemba za alangizi zomwe zija. Ndinaiuza kuti ndikufuna masilaidi asanu ndi atatu okha, iliyonse langizo limodzi, bokosi la chithunzi lalikulu, mawu ochepa a zilembo zikuluzikulu pa mzere wakuda m'munsi, kuti dzuwa lisawafufute. Laputopu inayamba kulira kwake kuja. Tsiku limenelo kulirako kunandikomera ngati nyimbo ya kwaya. Masilaidi ankatuluka imodzi imodzi, ine n'kumalemba Chichewa chake, Mayi Nakoma ali pambali kudula mawu anga. Pomwe ndinalemba chiganizo chonse iwo anafufuta okha ndi chala chimodzi n'kusiya mawu anayi: Thumba likhale pa thandala. Koma mabokosi a zithunzi anali opanda kanthu, ndipo ndinanena mokweza kuti kaya ndizitenga kuti.

"Thandala lili kwathu," anatero a Mpaha, amene anali chikhalire nthawi yonseyo. "Ndi panjira pomwe. Ndatsogola." Anakwera njinga yawo n'kumapita.

Tinawatsatira pa njinga yamoto, Mayi Nakoma akuyendetsa, ine kumbuyo, laputopu kumsana, pulojekita pamiyendo, batire titamanga pa keriyala. Fumbi linali la mtima bii. Titafika tinapeza a Mpaha atasesa kale m'chipinda chawo chosungiramo mbewu. Munali mdima, ndiye tinatsegula chitseko chonse, akazi awo n'kugwira nsalu yathu yoyera ija panja kuti iponye kuwala m'kati. Thandala lawo linali la njerwa pansi ndi mitengo ya bulugamu pamwamba, losakongola ngakhale pang'ono. Ndinagona chafufumimba n'kujambula kunsi kwake, kuti mpata wa pakati pa thumba ndi dothi uoneke. Ndinajambula manja a akazi awo akufinya mpweya, akupota pulasitiki, akumanga. Pofuna kuonetsa kutalika kwa thumba ndi khoma, a Mpaha anangopinda shati n'kuika mkono wawo pakati, chigongono pa thumba, zala pakhoma.

Ndinaganizanso zoika chithunzi chakale chija, n'kuchilemba mtanda wofiira kuti anthu adziwe kuti n'cholakwika. A Mpaha anapukusa mutu. "A Kompyuta, nanga mtandawo ukapanda kuoneka pa foni?" Ndinachisiya. Mpaka lero sindiika pa silaidi chithunzi cha chinthu chomwe sindikufuna kuti anthu akachite.

Zithunzi ndinazilowetsa ndi kebulo nditakhala pa masitepe a tchalitchi cha ku Michesi, anthu ali m'kati kale akudikira. Tinayamba mochedwa. Pemphero ndi malonje zitatha, Mayi Nakoma sananene chilichonse chondikonzera njira. Anangoti, "A Kompyuta ali ndi mawu," n'kukakhala pansi. Ndinaimirira. Ndinafunsa kuti ndi angati amene ali ndi chithunzi cha matumba asanu m'foni mwawo. Manja anakwera ambiri ndithu, chonsecho gulu limeneli linali lisanaphunzire n'komwe. Ndinawauza kuti chithunzicho n'chabodza, nyumba imeneyo kulibe, matumba amenewo kulibe, anajambula ndi makina ndipo ine ndinachiika osachiyang'anitsitsa. Ndinakweza pulasitiki yobooka ija kuti aione. Ndinati ndalakwa, andikhululukire.

Kenako mayi ena a kumbuyo anati, "Ife timadabwa kuti simenti yonyezimira choncho ndi ya kwa ndani kuno!" Anthu anaseka, ine ndinapuma. Mayi omwewo anakweza foni yawo. "Ndiye tabwerani mutichotsere, mwana wanga, tisapite nachonso." Ndinayenda benchi ndi benchi, tikufufuta limodzi.

Nditayatsa silaidi ya khoma ija, bambo wina anafuula, "Uwu si mkono wa a Mpaha uwu?" Tchalitchi chonse chinaphulika ndi kuseka, eni mkono ali pakona akuyang'ana pansi mwamanyazi. Mafoni anakwera. Ndinaona Mayi Nakoma akunyamuka, kupita kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, kujambula ndi foni yawo, n'kuyang'ana chomwe chatuluka. Anaphimba mawu a m'munsi ndi chala chachikulu, anayang'ananso, kenako anabwerera pa mpando wawo. Anachita chimodzimodzi pa masilaidi onse asanu ndi atatu, ndipo pobwerera ku Migowi sanandiuze kuti aona chiyani.

Lachisanu komiti inakumana m'chipinda cham'kati, ine ndili panja ndikupukuta pulojekita yomwe inali yoyera kale. Atatuluka, Mayi Nakoma anaima pa tebulo langa akuvala chipewa chawo. "Lolemba ubwere ndi nsapato zolimba, osati masilipasi akowa. Tiyenda makalabu onse a gulu loyamba, ndipo ukalankhule wekha monga unachitira ku Michesi." Anatuluka. Ndinakhala kaye, kenako ndi pamene ndinazindikira kuti Lolembalo linali kunja kwa miyezi itatu ija. Ndinalowa m'kachipinda kosungira matumba ndi kulira, kulira kwenikweni kwa chimwemwe.

Tinayendadi, pafupifupi masabata awiri. Matumba ambiri tinawapeza asanabooke, ndipo anakwera pa thandala ife tili pompo. Kwa achemwali a a Mpaha ndinapita ndekha kukapepesa. Mbewu ina inali itawonongeka, yotsala anali ataipeta n'kuiyanika, ndipo ofesi inawapatsa thumba lina. Sanandinyengerere kuti palibe kanthu. Anati zinawawawa. Kenako anandipatsa mpando ndi mbale ya nyemba za kalongonda, ndipo ndinadya ndi manyazi anga omwewo.

Papita zaka tsopano, ndikadali pa ntchito yomweyo, ndipo Ngolo ndi yomwe ndimagwiritsabe, ngakhale ya masiku ano yayamba kufulumirako. Anzanga a m'mabungwe ena akandifunsa kuti asankhe pulogalamu iti, sindimunyoza Mkwatibwi. Anachita zomwe ndinamuuza, wosayang'ana ndinali ine. Ndimangowafunsa kuti silaidi yawo ikachoka pakhoma imapita kuti, ndipo ikapezeka yolakwika ali kumudzi, netiweki kulibe, angaikonze ndi manja awo kapena ayi. Makina ndimawasiyira kundidulira zolemba ndi kuyala masilaidi, ntchito yomwe amaichita bwino ndithu ndipo ndimawathokoza nayo. Zithunzi ndimakajambula ndekha, kwa anthu odziwika. Ndikamaliza ndimaima kumbuyo kwa chipinda, kujambula ndi foni, kuphimba mawu ndi chala monga ankachitira Mayi Nakoma, n'kudzifunsa kuti chatsalacho chikuti chiyani. Amayi amenewo akanatha kundichotsa Lachiwiri lomwe lija, palibe akanawadzudzula. A Mpaha akanatha kukanena kumsika m'malo mobwera ku ofesi. Sindinawathokoze mokwanira onse awiri.

Chaka chatha ndinali pa msika wa Migowi ndikugula thumba limodzi la mtundu womwe uja, loti amayi asungiremo mbewu yawo. Mayi ena omwe sindinawaonepo, a kutali kuseri kwa phiri, anaima pambali panga n'kundiyang'ana ine, nsapato zanga ndi chikwama changa cha laputopu. Anaona kuti uyu za kumunda sazidziwa. Anamasula foni pa nsonga ya chitenje, anafufuza pang'ono, n'kundiyandikizira kumaso. Chithunzicho chinali chitatumizidwa kambirimbiri moti chinali chitachita mbuu, mawu osawerengeka n'komwe. Koma thandala linkaoneka, ndi mkono wa a Mpaha uli pakati pa thumba ndi khoma.

"Mukaike chonchi, mwana wanga," anatero. "Osaika pansi. Mwaona mkonowo?"

Ndinati ndauona, amayi, zikomo kwambiri. Ndikaika choncho.